Kwa Eni Kulibe Mkuwe, Koma Loweruka Ndi Lako

 Lero tikambirane za chinthu chimene ambiri sitichiwerengera tikamalangiza mwana wopita kunja. Pomutsanzika timamuuza kuti akalimbike ntchito, akasunge ndalama, asakaiwale makolo ake, ndipo asakatengeke ndi zokoma za m'tauni. Malangizo onsewa ndi abwino, koma amakhudza kwambiri masiku a ntchito. Palibe amene amamuuza chochita Loweruka masana akaweruka, kapena Lamulungu akatuluka m'tchalitchi. Maganizo anga ndi akuti munthu wosamukira kudziko lina amazolowera kapena kulephera kuzolowera pa masiku awiri amenewa. Pantchito pamakhala wina wokuuza chochita. Tsiku lopuma umadzilamulira wekha, ndipo m'pamene pamaonekera ngati ukumera mizu kapena ukufota.

Tiyambe ndi mayina a masikuwo. Makolo athu akale sankawerenga nthawi ndi masabata ayi. Ankayang'ana mwezi, mvula, ndi ntchito ya kumunda: kusosa, kugalauza, kubzala, kupalira, kukolola. Sabata lidadza ndi amishoni komanso ntchito yolipidwa, ndipo mayina a masiku ake amachitira umboni. Lolemba ndi tsiku lolemba antchito, Loweruka ndi tsiku loweruka, Lamulungu ndi la mapemphero. Kuno kwa Kapondo mpaka lero mlimi wa mtedza ndi soya salidziwa Loweruka m'mwezi wa Januwale, pakuti udzu suyembekeza munthu. Koma ikafika nthawi ya chilimwe, zokolola zili m'nyumba, kucheza kumabwera kokha: maukwati, ziliza, gule, mpira, misika, bawo pansi pa mtengo wa mango. Sukonza pangano kuti ukaone mnzako. Umangoti "odi," mphasa n'kuyalidwa. Mwana wokulira m'moyo wotere akafika kudziko kumene kupuma kudaikidwa pa kalendala, ndipo kukaona mnzako n'kuyamba waimba foni, amapezeka ali ndi maola ambiri m'manja osadziwa pouyika mutu.

Ife a ku Mchinji tili ndi chinyengo chinanso, choganiza kuti kunja timakudziwa kale. Malire ali pakhomo pathu. Tikangodutsa pa Mwami tafika kwa abale ku Chipata, kumene kale kunkatchedwa Fort Jameson pamene boma lathu linkatchedwa Fort Manning. Chaka ndi chaka mu Ogasiti timapita ku Mkaika, m'boma la Katete, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo palibe amene amadziona ngati mlendo. Ngakhale ku Lusaka, Chinyanja cha m'tauni chosakanikirana ndi ziyankhulo zina timachimva ndithu. Uku si kwa eni kwenikweni. Kwa eni ndi kumene umapereka moni m'basi anthu n'kukuyang'ana modabwa, kumene maliro amachitika nyumba yoyandikana nayo iwe osamva ngakhale kulira. Kumeneko ndiye kumene mwambi uja umagwira ntchito, wakuti kwa eni kulibe mkuwe, mutu wa nkhuku ndi chiwalo. Tanthauzo lake n'lakuti mlendo sakweza mawu, amalandira chimene wapatsidwa. Mwambiwu ndi woona, koma ambiri amaumva molakwa. Umaletsa mlendo kudzikuza. Sumulamula kuti adzitsekere m'nyumba.

Nkhaniyi si yachilendo pakati pathu, pakuti Amalawi sadayambe lero kuyenda. Msonkho wa nyumba umene atsamunda adakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890 udatulutsa amuna ambiri m'midzi kukafuna ndalama ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, kumene makolo ankangoti ku Halale, ndiponso ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene timati ku Joni. Bungwe la Wenela lidatenga anthu ochuluka kotero kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo boma lidaimitsa kulemba anthu. Ntchitoyo idayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, n'kudzathanso mu 1988 pa mkangano wokhudza kuyeza kachilombo ka HIV. Pa anthu onsewa, ena adabwerako ndi njinga, makina osokera ndi wailesi. Ena sadabwerenso, ndipo tidawapatsa dzina lakuti matchona.

Tiyeni tione chimene matchona a ku Zimbabwe adachita ndi masiku awo opuma, pakuti m'menemo muli phunziro. M'makomboni a migodi monga ku Shamva ndi ku Hwange, m'mafamu a fodya, ndi m'malokeshoni a mu Harare monga Mbare ndi Highfield, anthu a ku Nyasaland adasandutsa Loweruka ndi Lamulungu kukhala mudzi. Adakhazikitsa magulu othandizana pa maliro, pozindikira kuti mutu umodzi susenza denga ndiponso kuti munthu womwalirira kwa eni ayenera kuikidwa mwaulemu. Adamanga mizikiti ndi matchalitchi. Ntchito ya mishoni imene idayamba ku Salisbury mu 1912 pofuna kutumikira anthu a kwathu ndiyo idakula n'kukhala Sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP. Adavina beni, ndipo adatulutsa gule wamkulu, amene eni dziko amamutcha zvigure. Chipatso chake tikuchiona: patapita mibadwo itatu kapena inayi Chichewa sichidafe, oimba otchuka monga Alick Macheso ndi Nicholas Zakaria adachilowetsa m'nyimbo zawo, ndipo malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 adachiika pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Chiyankhulochi sichidasungidwe pansi pa mgodi, kumene kunkamveka malamulo a kapitawo. Chidasungidwa pabwalo, tsiku lopuma.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali yachiwiri, yowawa. Ambiri mwa anthuwa, makamaka a m'mafamu, moyo wawo wonse udathera m'komboni. Sadapite kumaofesi kukakonza zikalata, ana adabadwa osalembedwa, ndipo malamulo a dzikolo nawonso sadawafewetsere njira. Pamene kulanda mafamu kudayamba mu 2000 adapezeka opanda ntchito, opanda munda, opanda mudzi wobwererako. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001 ochuluka adatsala ngati anthu opanda dziko, mpaka malamulo a mu 2013 adazindikira unzika wa obadwira m'dzikomo kwa makolo ochokera m'maiko a SADC. Sindikuwaweruza makolo amenewa, pakuti mpanda umene udawazinga sadaumange okha. Ndikungoti tione kuti kusunga mwambo pakokha sikukwanira. Munthu amene akudziwa bwalo la gule koma sadziwa njira ya ku ofesi ya boma, ku sukulu ya ana ake kapena kunyumba kwa mwini dziko woyandikana naye, tsiku la tsoka amapezeka ali yekha.

Pali chitsanzo china chimene tonse timachidziwa, kaya munthuyo timamukonda kaya ayi. Hastings Kamuzu Banda adachoka kwawo ku Kasungu ali mnyamata, wapansi, nakagwira ntchito pachipatala ku Hartley, kumene lero ndi ku Chegutu, kenaka kumgodi ku Johannesburg. Khomo la maphunziro ake silidatsekukire kumgodi. Lidatsekukira kutchalitchi cha African Methodist Episcopal, kumene adadziwana ndi atsogoleri amene adamuthandiza kupita ku Wilberforce, ku Ohio m'dziko la America, mu 1925. Anzake ambiri ankagwira ntchito yofanana ndi yake. Chosiyana chidali kumene ankapita ndi amene ankacheza nawo akaweruka.

Lero ana athu ali ku Cape Town, ku Durban, ku Dublin, ku Manchester, ku Glasgow, ndipo kuyambira mu Novembala 2023 ena adapita kukalima ku Israel. Zimene amakumana nazo masiku oyamba n'zazing'ono, koma ndi zazing'onozo zimene zimafooketsa mtima. Ku Britain basi sidikira kuti idzaze. Ukachedwa mphindi ziwiri yapita. Mu Disembala ku London dzuwa limalowa nthawi ya 4 koloko masana isanakwane, ndipo munthu wozolowera dzuwa la ku Mchinji amagwidwa ndi chisoni chimene sangachifotokoze. Ku Cape Town mvula imagwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene kuno tikuwotha moto kunja kuli gwaa. Ku Israel tsiku lopuma limayamba Lachisanu madzulo, mabasi ambiri n'kuima, ndipo Lamulungu ndi tsiku la ntchito. Ufa umapezeka, koma nsima yake sikoma ngati ya ufa woyera wa kwanu, ndipo nkhwani wotendera umangowulota. Ngakhale kulera ana kuli ndi malamulo ena: ku South Africa khoti lalikulu loona za malamulo lidaletsa mu 2019 kumenya mwana ngakhale panyumba, ku Scotland lamulo lotero lidayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo ku Wales mu 2022. Kholo losadziwa izi likhoza kugwa m'mlandu waukulu chifukwa cha kamkwapulo kamene kuno palibe angakafunse. Safunsa adadya phula. Nanga zonsezi munthu angaziphunzire kuti, ngati tsiku lokhalo limene ali ndi mpata amalithera m'chipinda?

Ndikaona, pali misampha iwiri imene imakola anthu athu pa tsiku lopuma. Woyamba ndi wodzitsekera. Munthu amaweruka, n'kugona, n'kudzuka kuchapa, tsiku lonse n'kuthera pa foni: WhatsApp ya kumudzi, Facebook ya ndale za ku Lilongwe, milandu ya malire a munda wa amalume. Thupi lili ku Johannesburg, mutu uli kwa Kapondo. Zaka zisanu zimatha asakudziwa dzina la msewu wachitatu kuchoka pamene amagona, asakutha kupereka moni m'Chizulu. Amati akusunga ndalama, ndipo mwina akusungadi, koma mtima ukudwala mwakachetechete. Msampha wachiwiri ndi wa ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Malipiro a sabata yonse amathera m'malo omwera kuyambira Lachisanu usiku, zithunzi zokongola zikutumizidwa kumudzi pamene lendi sidalipidwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Misampha iwiriyi imaoneka yosiyana koma muzu wake ndi umodzi, ndiwo kusungulumwa. Wina amakuthawira m'bulangete, wina m'botolo.

Langizo langa tsono ndi ili: tsiku lopuma ligawidwe pawiri, gawo lina la eni dziko, gawo lina la kwanu. Wina anganene kuti mapanga awiri avumbwitsa. Mwambiwo umanena za munthu wosakhazikika, wothamangira uku ndi uku mvula ikugwa. Ine ndikunena za munthu woima ndi miyendo iwiri.

Gawo la eni dziko likhale loyenda ndi maso otsegula. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Amene muli ku Johannesburg, tengani ana mukakhale pa udzu ku Zoo Lake, kumene kulowa n'kwaulere. Mwezi wina sungani pang'ono mukaone Apartheid Museum, kapena nyumba yokumbukira Hector Pieterson ku Soweto, kuti mudziwe mabala a anthu amene mukukhala pakati pawo. Munthu amene waona zimene ana asukulu adakumana nazo mu 1976 amamva mkwiyo wa eni dziko ndi khutu lina, ngakhale pamene mkwiyowo walunjika polakwika. Amene muli ku Cape Town, Company's Garden ili pakati pa mzinda ndipo siyilipiritsa. Ndi mumzinda womwewo mmene Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay adayambitsa bungwe la antchito la ICU mu 1919. Amene muli ku Britain, British Museum ku London ndi National Museum of Scotland ku Edinburgh kulowa n'kwaulere, chimodzimodzinso nyumba zowerengeramo mabuku za m'matauni. Pafupi ndi Glasgow pali Blantyre woyamba, kumene David Livingstone adabadwira mu 1813. Mwana wa Mmalawi akafikako amadziwa kumene dzina la mzinda wathu lidachokera. Kuyambira mu 2022 mpaka 2024 chiboliboli cha John Chilembwe, chosemedwa ndi Samson Kambalu, chidaima pa Trafalgar Square pakati pa London. Ndimadzifunsa kuti mwa Amalawi onse okhala mumzindawo ndi angati adatenga ana awo kukachiona.

Kuyenda kumene ndikunenaku si kwa malo otchuka okha. Pitani kumsika wa eni dera, kumpira wa pasukulu ya ana anu, kumsonkhano wa makolo, kumapemphero kumene kumapita eni dziko. Phunzirani moni wawo ndi mawu awo othokozera. Akakuitanani kukaotcha nyama pitani, ndipo musapite chimanjamanja. Kuona maso a nkhono n'kudekha: anthu a maiko ena satsegula mtima tsiku limodzi, koma amene amakuonani sabata ndi sabata pa malo omwewo, tsiku lina amakufunsani dzina. Ntchito zabwino zambiri, nyumba zotsika lendi ndi uphungu wa malamulo zimamveka m'macheza otere, osati m'zikwangwani.

Gawo la kwanu nalonso lisatayidwe, pakuti madzi saiwala khwawa. Kamodzi pamwezi kumanani ndi Amalawi anzanu, mphika wa nsima ukhale pamoto, usipa wochokera kumudzi ugawidwe. Lowani gulu lothandizana pa maliro ndipo muzisonkha mokhulupirika, chifukwa kubweza thupi kumudzi ndi mtolo umene banja limodzi silingausenze. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pa 6 Julayi sonkhanani monga amachitira anzanu m'mizinda yambiri. Koposa zonse, tsiku limenelo ana amve Chichewa, osati cha kukalipira chokha, koma cha nthano, zilapi ndi miyambi. Mwana amene amamva chiyankhulo cha makolo ake pokhapokha akalakwa amakula akuchida. Muphunzitseni kuti wamkulu timati "inu," kuti chinthu timalandira ndi manja awiri, kuti mlongo wa bambo ndi azakhali ndipo mlongo wa mayi ndi amalume. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse, mwina simungamutulutse m'misewu ya ku Manchester, koma ulemu ndi chiyankhulo zimalowa m'chikwama chilichonse.

Ndikudziwa kuti ena mukuti, "Aphunzitsi, mukuyankhula muli pakhonde panu. Ife tidabwera kudzafuna ndalama, osati kudzaona malo." Mawuwa ali ndi mphamvu. Kumudzi kuno timadikira ndalama zanu za feteleza ndi fizi, ndipo nthawi zambiri ndife amene timakuumirizani kugwira ntchito masiku asanu ndi awiri. Choncho mawu ena apite kwa ife otsala. Foni ya Lamulungu isamangokhala yopempha. Mufunseni mwanayo ngati wadya, ngati ali ndi anzake, ngati wapuma. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo munthu wogwira ntchito osapuma amadzabwera m'bokosi nyumba ya malata isanathe. Kupuma si ulesi, ndi ufulu. Lamulo la ntchito la ku South Africa la mu 1997 limapatsa wantchito maola 36 otsatizana opuma pa sabata, ndipo pangano la bungwe la ILO la mu 2011 limati wantchito wa panyumba apume maola osachepera 24 otsatizana sabata iliyonse. Nkhani zomvetsa chisoni za amayi a ku Malawi amene adakakodwa mu ukapolo wa ntchito za m'nyumba ku Oman, zimene wailesi ya BBC idaulutsa mu 2024, zitiphunzitse kufunsa mwana asananyamuke: kodi kumeneko tsiku lako lopuma ndi liti, ndipo chiphaso chako choyendera chidzasungidwa ndi yani? Ntchito yopanda tsiku lopuma, imene bwana amakulanda chiphaso, ndi ndende.

Ena mukuti kunja kukuopsa. Izinso n'zoona. Mu Meyi 2008 zipolowe zodana ndi alendo zimene zidayambira ku Alexandra zidapha anthu 62 m'dziko la South Africa, ndipo mu 2015 boma lathu lidachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu othawa nkhanza za ku Durban. Amene adavulazidwa sadalakwe kanthu, ndipo palibe ulemu umene ungaimitse gulu la anthu olusa. Komabe kudzibisa sikuteteza munthu. Chimene chimathandiza ndi kukhala ndi zikalata zoyenera, kudziwa madera ndi maola oyenera kupewa, kuyenda awiriawiri, ndiponso kukhala ndi eni dziko amene amakudziwa dzina, amene angakuchenjeze mphepo ikayamba kusintha. Anthu otere sapezeka tsiku la chipolowe. Amapezeka pa Maloweruka ambirimbiri a mtendere amene adapita m'mbuyomo.

Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Kawirikawiri timaugwiritsa ntchito pochenjeza mlendo kuti asasiye mbiri yoipa. Koma onani kuti mwambiwu ukuyembekeza kuti mlendoyo ayende, phazi lake lidindike pansi. Amene adakhala zaka khumi kudziko la eni osasiya phazi paliponse kupatula pakati pa chipinda ndi kuntchito, sadakhale m'dzikomo, adangobwerekako denga. Ndipo amene adayenda paliponse n'kuiwala njira ya kwawo, ana ake adzafika kwa Kapondo ngati alendo ofuna womasulira poyankhula ndi agogo awo. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma pamene muli kumeneko, khalani ngati anthu, osati ngati mithunzi.

Choncho inu amene muli kutali, Loweruka likubwerali dzukani, valani bwino, gwirani mwana padzanja, mukaone malo amodzi amene simudawaonepo ndi kupereka moni kwa mwini dziko mmodzi amene simudamuyankhulepo. Madzulo ake vundulani nsima, muitane mnzanu wa kwanu amene mukudziwa kuti ali yekha. Pang'onopang'ono ndi mtolo.